Bokosi la Pamtsinje Lasowa Chidutswa Chimodzi

Chawama, Lusaka
Kumapeto kwa Okutobala

Mano Everisto, mkulu wanga,

Moni wanga ukupezeni kumeneko ku Kavalamanja. Muli bwanji ndi dzuwa la mwezi uno? Amai akuuka bwanji, mwendo uja unaleka kutupa? Nanga mwana wanu Chifundo wayamba kudya bwino? Ine kuno ndilipo. Chifuwa chandigwira chifukwa cha fumbi, koma kuntchito ndikupita.

Kalatayi ndapatsira a Tamanda, aja amabweretsa nsomba zouma kumsika kuno. Ndikanatha kuimba foni, koma nkhani ili muno ili ndi dzina la a Nason, aja ankayang'anira bokosi la kudooko, ndipo ndikangolitchula pafoni inu mumadula. Pepala mungaliponye pansi lero, mawa mudzalitola. Ndikupemphani muwerenge mpaka pothera.

Nkhani ndi ya bokosi lija la pamtengo wachitsulo kudooko kwathu, limene linkayeza madzi a Zambezi n'kutumiza uthenga m'mafoni madzi akayamba kukwera. Mukukumbukira kuti titaika mulamu Lúcia, mkazi wanu, m'manda, anthu a m'mudzi analitsitsa n'kundipatsa. Anati popeza ndinaphunzira zamagetsi, ndipo bungwe limene linaliika linatseka ofesi n'kuchoka, ndikaone chimene chinalitseka pakamwa tsiku lija la mu Febuluwale, madzi akukwera, mulamu ali kudimba la pachisumbu kumene madziwo anamukokolola. Ndinalilandira ndi manja awiri. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya masabata ochepa. Taonani, chilimwe chikutha lili pabenchi panga.

Ndiyambe ndi chimene ndinapeza nditalitsegula. Mkati muli kachipangizo kotumiza mauthenga, timakatcha modemu. Kanapsa. Pali chipsera chakuda choyambira pomwe waya wa eriyo umalowera mpaka pakati pa bodi. Ndinaonetsa ba Tenson, eni ake a shopu yathu, amene akhala akukonza zinthu za sola kuyambira ine ndili kupulaimale. Ndinaonetsanso Lovewell, mnzanga wa pabenchi. Onse awiri anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi mphenzi.

Mano, simukadi ili momwemo, yasungunuka mbali imodzi. Batire ndi lomwe lija la bungwe, chidindo chake sichinamatulidwe. Palibe waya wodulidwa ndi mpeni. A Nason sanachotse kanthu, sanagulitse kanthu. Ndipo kanyali kobiriwira ka pabokosi kaja kankayakabe, chifukwa iko kamangosonyeza kuti batire lili ndi moto. Iwo monga woyang'anira ankapita, n'kuona kanyali kakuyaka, n'kubwerera kunyumba ali ndi mtima woti zonse zili bwino. Umu ndi mmene anaphunzitsidwira. Ngakhale ine ndikanaima pansi pa mtengo uja ndikanaganiza chimodzimodzi.

Ndamva kuti chichokereni pamaliro, pamene munawatchula kuti wakuba pamaso pa anthu, ukonde wawo unapezeka wodulidwadulidwa, ndipo mwadiya wawo, bwato limene amaphera nsomba, unabooledwa. Akazi awo analeka kubwera kutchalitchi, ana awo akutunga madzi kudooko lakutali. Sindikufunsa amene anachita zimenezi. Ndikungokuuzani zimene maso anga aona mkati mwa bokosi.

Tsopano za kukonza. Modemu yamtundu uja sagulitsanso, ndinazungulira mashopu a m'tauni mpaka nsapato inang'ambika. Ndinapeza yamtundu watsopano n'kuiwotcherera. Pamenepo manja anga anali atamaliza mbali yawo. Koma bokosili lili ndi kaubongo kake kakang'ono, ndipo pulogalamu ili mmenemo imadziwa kulankhula ndi modemu yakale yokha. Kuti yatsopanoyi imve, pulogalamu yonse iyenera kumangidwanso.

Mwayi unalipo wakuti amene analemba pulogalamuyi anaisiya poyera pa intaneti, kuti aliyense aitenge ulele, aiwerenge, aisinthe. Tsiku limene ndinaipeza ndinasangalala. Sindinadziwe kuti chimene amakupatsa si chinthu chomalizidwa. Zili ngati munthu akupatseni kasokedwe ka ukonde, n'kukuuzani kuti ulusi mukatenge kwa uje, zoyandamitsa kwa uje, chingwe kutsidya ku Zumbo. Pulogalamu imodzi imadalira zidutswa zambiri zolembedwa ndi anthu ena osadziwana. Kompyuta iyenera kuzisonkhanitsa zonse n'kuzimanga pamodzi. Chikasowa chimodzi, imaima n'kulemba zofiira.

Ulendo woyamba inaima isanayambe n'komwe. Inati chida chomangira mapulogalamu a kaubongo kamtundu umenewu mulibe mu laputopu yanga. Chidacho n'chachikulu, ndipo kuno malaiti akumapita m'mawa n'kubwera anthu ataweruka. Ndinkati ndikachikopera mpaka pakati, magetsi azima, netiweki ya pashopu ifa, ndiyambirenso. Nditachipeza chonse, zofiira zinadzaza sikirini, kutsika osatha. Ndinataya masiku ndikuganiza kuti ndalakwitsa ndine. Kenako ndinaona kamzere kena pansi pa tsamba la malangizo, konena kuti eni ake ankagwiritsa ntchito chida cha zaka zapitazo. Changa chinali chatsopano kwambiri, sichinkamva kalembedwe kakale. Ndinachichotsa n'kuyamba kusaka chakalecho.

Chakale chitalowa, inayenda pang'ono n'kuimanso. Inati fayilo yakutiyakuti sikupezeka. Ndinatsegula pamene inkayenera kukhala, ndinapeza dzina lilipo koma mkati mulibe kanthu, ngati nkhokwe ya chaka cha njala. Lovewell ndiye anandithandiza. Anati zidutswa zimenezo sizibwera zokha ukamakopera pulogalamu, uyenera kuziitana padera. Anandilembera lamulo lake, ndipo zambiri zinabweradi.

Koma chilichonse chobwera chinkabwera ndi njala yake. Ichi chifuna chinzake, chinzakecho chifunanso china. Panali pena pamene ndinatsala pang'ono kulira: chidutswa cha modemu yatsopano chinkafuna kuti chidutswa china chikhale chamakono, pamene mbali yosunga nthawi inkafuna chidutswa chomwecho chikhale chakale. Ukakondweretsa uyu, uyo akwiya. Ndinakhala ndikusintha mizere ndi manja, umodzi umodzi, kuyesa, kulephera, kubwezera. Nthawi ya nkhomaliro anzanga akamapita kukadya, ine ndinkatsala ndi bokosi. Potsiriza mbali ziwirizo zinagwirizana.

Pamenepo panatsala chidutswa chimodzi. Ndi chimene chimawerenga diso la bokosi, kachipangizo kaja kooneka ngati kapu kolendewera pa mkono wachitsulo pamwamba pa madzi. Anthu potsitsa bokosi anakasiya pomwepo, chifukwa kali pamalo ovuta kufikapo. Kompyuta inapita kukatenga chidutswacho kumene malangizo akunena, n'kubwera chimanjamanja. Inati tsambalo kulibe. Ndinayesa mawa lake, chimodzimodzi. Ndinasaka ndi dzina lake paliponse, osachipeza.

Pa tsamba la pulogalamuyi pali malo ofunsira mafunso. Nditapitapo ndinapeza kuti ena anafunsa kale funso langa lomweli, wina chaka chatha, wina zaka ziwiri zapitazo, ndipo palibe amene anawayankha. Ndinalembabe. Ndinafotokoza kuti bokosi ndi la mudzi wa m'mphepete mwa Zambezi, ndipo munthu anafa pamene linali chete. Patapita nthawi ndithu ndi pamene anayankha bambo wina wa dziko lakutali, dzina lake Terence. Anati pepani. Anati amene analemba chidutswacho anasintha ntchito n'kufufuta zinthu zake zonse, ndipo iyeyo alibe kope. Anandilozera chidutswa china cholembedwa ndi munthu wina, chofananako, n'kunena kuti mwina chingagwire.

Mano, usiku umenewo ndinaganiza za munthu ameneyo amene anafufuta tsamba lake. Sakudziwa kuti kuli Kavalamanja. Sanatilakwire, anangosesa m'nyumba mwake. Koma mudzi wathu wonse unatsamira pa iye osamudziwa ngakhale dzina.

Ndinatenga chidutswa chofananacho. Popeza diso lenileni lili kwanuko, ndinabwereka kushopu diso loyezera madzi m'matanki. Ndinayambitsa kumanga, ndipo kwa nthawi yoyamba inayenda mpaka kumapeto popanda chofiira. Ndinalowetsa pulogalamuyo m'bokosi, ndinaika simukadi yanga, n'kudikira. Foni inalira m'thumba. Uthenga unati madzi ali bwino. Lovewell anaomba m'manja, ba Tenson anatuluka mu ofesi kudzaona. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za katoni yolongedzera ndi basi ya ku Feira, yolowera kwathu.

Ndisanalongedze ndinati ndiliyese ndi madzi enieni. Kuseri kwa shopu kuli diramu. Tinamangirira diso pa thabwa pamwamba pake, Lovewell n'kuyamba kuthira madzi ndi paipi pang'onopang'ono. Poyamba zinayenda bwino. Madzi akakwera, nambala inkakweranso. Atafika pakati, foni inalira, uthenga unati madzi akukwera. Ndinamuuza Lovewell apitirize.

Madzi atayandikira diso, nambala inaima. Kenako inabwerera pansi, pamene inali poyambirira. Diramu inadzaza, madzi anasefukira n'kunditsikira m'nsapato. Foni inaliranso. Ndinaitsegula. Uthenga unati madzi ali bwino.

Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Lovewell anatseka mpopi n'kundifunsa kuti, “Adelina, wadwala?” Ndinkangoona mulamu ataweramira chimanga chake pachisumbu, foni ili m'chitenje. Tsiku lija foniyo sinalire. Koma bokosi limene ndinapanga ine likanalira, n'kumuuza kuti apitirize kupalira.

Pambuyo pake ndinawerenga chidutswa chobwerekacho mzere ndi mzere, ndipo ndinapeza chifukwa. Madzi akayandikira kwambiri, diso limalephera kuwerenga. Chidutswachi chikaona kuti diso lalephera, sichinena kuti lalephera. Chimangobwezera nambala yoyambira, ngati kuti palibe chachitika. Amene anachilemba ankaganiza za thanki la panyumba, limene likasefukira umangonyowetsa bwalo. Pamenepo ndakonzapo. Koma zandiphunzitsa kuti sindingakhulupirire chidutswa chachilendo ndi diso lachilendo. Diso lathu ndi lamtundu wina, limalankhula mwa njira yake, ndipo sindidziwa kuti ilo likalephera limatani. Ndikalumikiza zinthu zimene sindinaziyese pamodzi, ndidzakhala ndikutumizirani bodza m'katoni.

Njira yatsala imodzi. Chidutswa chosowacho ndiyenera kuchilemba ndekha, ndili ndi diso lenilenilo m'manja, ndikuliyesa pa diramu, padzuwa, pamvula, mpaka ndidziwe makhalidwe ake onse. Sindinalembepo chinthu chotere. Kukoleji tinkangophunzira kuyatsa ndi kuzimitsa tinyali. Terence walonjeza kuti aziwerenga zimene ndalemba n'kundionetsa molakwika, ndipo Lovewell wati azitsala nane Loweruka.

Ba Tenson anandiitanira mu ofesi sabata yatha. Sanakalipe. Anati akumvetsa kuti ndi nkhani ya maliro, koma mvula ikangoyamba mapampu ndi mainiveta opsa ndi mphenzi adzadzaza shopu, ndipo benchi langa lidzafunika lonse. Anati makasitomala sadikira chisoni cha eni. Ndinawathokoza, chifukwa andilekerera kale nthawi yaitali. Ndiye kuti posachedwapa bokosi lisamukira kuchipinda kwanga ku Chawama, kumene magetsi ndi a mwayi ndipo madzi timachita kugula pa chigubu.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Nditumizireni diso lija. Lifike ndi waya wake wonse, osaudula, ndipo kapepala komatidwa kumbuyo kwake kasachotsedwe chifukwa ndi pamene pali mtundu wake. Mulikulunge m'nsalu, mupatse a Tamanda akamabwera ulendo wotsatira. Musalipatse wina aliyense wa pabasi.

Mukudziwa kale vuto lake. Mkono wachitsulo uja ndi wokhoma ndi loko, ndipo kiyi ali ndi a Nason. Sipanala yomasulira mabawuti aja ilinso kwa iwo, ndipo ndi iwo okha anaona mmene anthu a bungwe anamangira. Wina akangolimbana nalo ndi nyundo, diso lisweka, ndipo pamenepo nkhani yonse yatha. Komanso si ntchito ya munthu mmodzi. Wina akwere pamtengo, wina agwire mwadiya pansi pake kuti alandire, ndipo pamalo paja ngwena sizisowa. Wokwerayo ayenera kukhulupirira amene ali pansi. Nthawi yake ndi ino madzi ali otsika. Akangoyamba kufiira, palibenso amene angaime pamenepo.

Ndikanatha kulembera a Nason mwachindunji, koma sangapite kudooko lija pamene inu simunawalankhule. Angaope kuti anthu anena kuti abwera kudzamaliza kuba. Muyenera kupita ndinu, masana, anthu akuona. Sindikukuuzani mawu oti mukanene. Ndinu mkulu wanga, mumadziwa kulankhula kuposa ine.

Ndikudziwa kuti zimene ndalembazi n'zowawa. Pamene panali munthu woti mumukwiyire, mtima unali ndi pogwira. Ine ndakuchotserani pogwirapo n'kukupatsani mphenzi, imene simungaiitanire kubwalo. Ndakhala ndi nkhaniyi nthawi yaitali ndikusowa poyambira. Koma ana a a Nason akukula ndi dzina la wakuba, ndipo Chifundo akukula akumva kuti mai ake anaphedwa ndi munthu wa nyumba yachitatu kuchokera pathu. Zonse ziwiri si zoona.

Pali chinanso chimene a Tamanda andiuza chimene chandisowetsa tulo. Akuti anthu ayamba kale kusosa pachisumbu, ndipo ena akumanganso misasa yogonamo, chifukwa kumtunda chaka chino sikunatuluke kanthu ndipo njovu zinamaliza zotsala. Akuti akumanena kuti Adelina akukonza bokosi, lifika mvula isanagwe. Mano, auzeni zoona. Ngakhale diso litafika mawa, sindingalonjeze kuti ndimaliza chaka chino. Mwina ndidzamaliza madzi atakwera kale, mwina ndidzalephera. Pamtengo paja palibe chimene chikuyang'ana mtsinje. Njala sindingaikanize, ndikudziwa kuti alima ndithu. Koma alime masana n'kubwerera kumtunda, mwadiya ukhale pafupi, ndipo wina aziyang'ana madzi ndi maso. Madzi saiwala khwawa. Amai ndamva akuti akufuna akadzale m'dimba la mulamu kuti lisagone. Chonde akanizeni, ndi mwendo umene uja sangathamange.

Za Khisimasi musandidikire. Masiku opuma amenewo ndi okhawo amene ndidzakhale ndi bokosi tsiku lathunthu. M'thumba la a Tamanda ndaikamo mafuta opaka mwendo wa amai, nsapato za Chifundo ndi tochi ya sola. Nsapato zikakula musabweze, akulira momwemo.

Mundiperekere moni kwa amai, muwauze kuti ndikudya ndipo ndimapita kutchalitchi. Moni kwa Chifundo, mumuuze kuti ine atete ake, mlongo wa bambo ake, ndimamuganizira tsiku lililonse. Moni kwa amalume ku Mburuma ndi banja lonse, kwa azakhali a ku Boma, ndiponso kwa makolo a mulamu Lúcia kutsidya, mukapeza wowoloka. Moni kwa a kwaya ndi onse amene anatigwira manja pamaliro.

Moni wotsiriza ndi wa a Nason ndi akazi awo. Umenewu musatume mwana. Mukaupereke nokha.

Tsalani ndi Mulungu, mano.

Ndine mlongo wanu,
Adelina